Agogo Anati Kumudzi

Ndiyambe ndi kuvomera kuti azakhali anga a ku Nakoli mpaka lero akandiona amayamba apukusa mutu, moni pambuyo. Koma mlandu wanga ndi liwu limodzi lokha. Zinazo ndinangothira, chifukwa ine nkhani yopanda mchere imandikanika kumeza.

Timakhala m'dera la Railways kuno ku Kabwe, m'Zambia: ine, amayi, ndi agogo aamuna, bambo awo a malemu bambo anga. Agogowa anabwera ali khanda lobereka kumbuyo kuchokera cha ku Ntcheu, bambo awo atabwera kudzagwira ntchito ya mgodi. Ku Malawi sanabwererekonso. Pano makutu anatseka theka, miyendo nayo ikuchita zake.

Lachinayi lina m'mawa ndikuwapukutira nsapato, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, undiperekeze kumudzi Lamulungu likubwerali. Miyendo ikutha iyi. Ndikaoneko ndisanagone pansi."

Munthu wanzeru akanafunsa kuti kumudzi kuti. Ine ndinathamangira amayi kuseri.

"Amayi, agogo akutsanzika. Akuti akafere kwawo ku Malawi."

(Za kufa sananene. Za Malawi sananenenso. Koma zinkamveka bwino.)

Amayi anasiya zochapa, nanditumiza kwa azakhali. Mu minibasi nkhani inakula yokha. Pofika ku Nakoli, agogo anali atalota mayi awo akuwakodola pansi pa phiri, atavala zoyera. Azakhali anakhala pansi pa khonde n'kuyamba kulira, ine n'kumalira nawo, poti loto lija linali litandikhudza ngakhale ndinalilota ndekha pa mpando wakumbuyo.

Loweruka nyumba inadzaza. Amayi a kutchalitchi anabwera ndi makorona, anaimba, anapemphera. Agogo ali pa mpando wawo akungomwetulira. Azakhali anawagwadira n'kukuwa m'khutu:

"Atate, zoona mukufuna kupita?"

"Ee, mawa! Mubwera nonse?"

"Tikuperekezani, atate."

"Mwachita bwino. Kumeneko n'kwabwino anthu akachuluka."

Amayi ena anasisima kuti akunena zakumwamba.

Lamulungu titatuluka m'Misa, msuweni wanga amene amayendetsa minibasi ya ku Mukobeko anabwera nayo pakhomo kuti atisiye ku siteshoni ya mabasi a ku Lusaka. Tinalongeza mabulangete, sutikesi, nkhuku yokazinga, ndowa. Agogo anavala jekete yawo yakale ya kunjanji, n'kuima kuyang'ana katundu.

"Ndowa n'njachiyani?"

"Mwina kumeneko madzi ndi ovuta, agogo," ndinatero ine.

"Aa, ndi zoona. Pampopi paja panauma kalekale."

Ndinayang'ana amayi monyada. Mwaona? Munthu anachoka ali khanda koma akudziwa za mpopi wa kwawo.

Tinanyamuka, azimayi akuimba nyimbo ya ulendo. Titangolowa m'tauni, agogo anamenya chitseko ndi ndodo.

"Ima! Ima iwe, wapitirira!"

Msuweni anaponda mabuleki, ndowa n'kundigwera pamutu.

"Atate, mwaiwala chiyani?" anafunsa azakhali.

"Tafika."

"Agogo, pano ndi pa paki," ndinakuwa.

"Nanga ine ndinati kuti?"

Nyimbo inafera pakamwa. Azakhali anatembenuka pang'onopang'ono, maso awo n'kundipeza kumene ndinabisala kuseri kwa sutikesi.

"Iwe mwana wa mchimwene wanga. Za Malawi anakuuza ndani?"

"Azakhali, kumudzi ndi kumudzi..."

"Nanga loto?"

Ndinati mwina ndinamva molakwika. Anati akafika kunyumba andithandiza kumva bwino.

Paki imeneyi ndadutsapo moyo wanga wonse. Kwa ine anali malo ojambulitsa a ukwati, ogona anthu osowa ntchito masana, ndi olalikira amene alibe tchalitchi. Mipando ya simenti yosweka m'mbali, tinjira ta miyala, mpanda wa maluwa umene wina amaumetabe akakumbuka, ndi chitsime cha pakati chimene amati kale chinkaponya madzi m'mwamba. Ine sindinachionepo chikulavula ngakhale dontho.

Agogo sanalowe pageti. Anazungulira kunja, ife tonse pambuyo ngati anapiye, mpaka pa mtengo waukulu umene mizu yake inatukula mpanda. Anakhala pa muzu, napuma, nayamba kulankhula osayang'ana munthu.

Anati kale m'katimo munali mwa azungu. Anthu akuda ankathirira maluwa, koma kukhala pa mpando ayi. Ndiye amuna a ku Nyasalande, Lamulungu akaweruka kutchalitchi, ankasonkhana kunja kuno pa mthunzi. Wina akatsika sitima kuchokera kwawo, ankabwera naye pano asanamwe ndi madzi omwe, kuti anene amene wamwalira, amene wabereka, mkazi wa ndani watopa kudikira. Ambiri ankadziwa kuti sadzabwerera. Ndiye ankangouzana kuti, tiyeni kumudzi, akunena pa muzu pomwepa.

"Atate anga ankakhala apa. Apo a Mbewe, opanda chala. Apo wina wa ku Dedza, ankalira aliyense akatchula mbatata."

Analoza malo opanda anthu mmodzimmodzi, ngati akuwapatsa moni.

"Atatsegula geti kuti aliyense alowe, tinalowa tonse, tinakhala pa mipando, tinajambulitsa. Amayi ako," anayang'ana azakhali, "ndinawaonera pa chitsime chija. Koma Lamulungu lotsatira tinabwerera kunja kuno. M'katimo munali mokongola, koma nkhani sizinkatuluka."

Azakhali anagwira pakamwa. Anati akukumbukira akubwera nawo ali kamtsikana, koma iwo ankangoti ku paki, kokadya zozizira. Dzina linalo sanalisunge.

"Amene ankalidziwa anatha," anatero agogo. "Ndatsala ndekha. Ndimafuna mmodzi amve."

Ine nthabwala zinandithera, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri. Ndinaganiza kuti tsiku lina adzabwera munthu ndi makina, adzaona muzu wowononga mpanda, adzaudula, ndipo sadzalakwa chifukwa palibe chikwangwani chonena kuti pano panali mudzi wathunthu. Zolembedwa zili m'kati, za amene anayala tinjira. Za kunja kuno zinali m'mutu mwa nkhalamba imodzi yosamva bwino, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuikweza basi ya ku Lusaka, kenako ya ku Chipata, ulendo wa ku Malawi.

Poti mabulangete analipo, tinayala. Nkhuku inatuluka. Amayi a kutchalitchi aja anayamba kufunsana, n'kupezeka kuti awiri agogo awo analinso a ku Ntcheu, wina wa ku Katete akuti bambo ake ankabwera kudzamvera nawo. Chinyanja chinamveka pa muzu paja mpaka ogulitsa malalanje anaima kuonerera. Ndowa anaitembenuza, msuweni n'kukhalapo.

Pochoka, agogo anandikoka khutu, osati mwaukali.

"Ine ndinapempha munthu mmodzi, iwe wandibweretsera mudzi. Bodza lako lero lagwira ntchito. Usazolowere."

Ndinalonjeza, azakhali ali mboni. Ndinasunga lonjezo mpaka Lolemba, pamene anzanga anandifunsa kuti ku Malawi ndayendako bwanji. Ndinawauza kuti msewu ndi wabwino ndithu, kungoti madzi ndi ovuta.