Kapinga wa a Dokotala

Injiniya sanali injiniya. Anangogwirirako makwerero tsiku lina munthu wa zamagetsi akukwera pamtengo, basi dzina n'kumukakamira. Koma madzulo amenewo m'bala, thovu lili kumlomo, ankayankhula ngati munthu woti anamangapo mlatho.

"Mbava zopusa zimadumpha mpanda," anauza anyamata ake awiri. "Ife tikalowera pageti, dzuwa likuswa mtengo, anthu akutipatsa moni."

Nyumba imene ankafuna kukabako inali ya dokotala wa mano, bambo amene akapeza kampata ankalimbana ndi udzu m'dimba la kuseri, udzuwo n'kumawagonjetsa chaka ndi chaka. Loweruka ankachoka ndi banja lonse. Pulani inali yoti atatuwa avale maovololo, anyamule makasu, akankhe wilibala. Ndani amafunsa munthu wodzalima kuti ukufuna chiyani? Kamphepo, mnyamata wowonda ngati mpini, akatsegula chitseko cha kukhitchini. TV yaikulu ya pabalaza akaigoneka mu wilibala, udzu pamwamba, n'kutuluka akuimba mluzu.

Wachitatu, Msanawanga, atamva mawu akuti khasu mowa unamutsamwa. Dzinali analipata chifukwa ntchito iliyonse yowerama ikatchulidwa, dzanja lake linkathamangira kumsana lokha. Kunyumba kwake udzu wa m'dimba unali utafika m'chiuno, ndipo mkazi wake, telala wodzuka ndi makina n'kugona nawo, anali atatopa nazo. "Abambo," anali atanena m'mawa womwewo, "Loweruka likadutsa udzu uwu udakalipo, mukapeze kwina kokadya." Mayiyu sankanena mawu kawiri, ndipo Msanawanga ankachita mantha enieni. Gawo lake la diluyi ankafuna alembere munthu woti akapalire dimbalo, banja lipulumuke iye osawerama.

"Bwana, khasulo tikaligwiritsadi ntchito?" anafunsa.

"Lokongoletsera chabe, aise. Tikangozulako pang'ono kophimbira katundu."

Loweruka zinayamba bwino moti Injiniya anayamba kuyenda monyang'wa. Geti silinavute. Mlonda wa mumsewu anawakwezera dzanja. Anafika kuseri, Kamphepo n'kutulutsa kawaya kake kotsegulira maloko.

"Mulungu ndi wabwino," anamveka mawu pamwamba pa mpanda. "A dokotala amva kulira kwanga."

Atacheuka anaona chipewa chachikulu, pansi pake pali nkhope ya mayi wa nyumba yoyandikana nayo, mphunzitsi wopuma pantchito, ataimirira pa ndowa. Kawaya kanabwerera m'thumba kokha.

"Chisoso cha m'dimba umu chandisowetsa mtendere," mayiwo anapitiriza. "Ine ndikazula kwanga, njere zawo zabwera. Yambirani apa, ana anga. Ndikatenge mpando."

Anautengadi mpando, n'kuukhazika pakhonde lawo lalitali pomwe chitseko cha kukhitchini kwa a dokotala chinkaoneka bwinobwino. Injiniya ananong'ona kuti nkhalamba sizichedwa kusinza. Amene ananena zimenezo sanaphunzitsidwepo ndi mayi ameneyu.

"Iwe wamtaliwe, ukumumeta kapingayo kapena ukumuzula? Mutsate mpaka kumuzu. Ukasiya kachidutswa, mawa akupatsa moni."

"Chabwino, amayi," anayankha Injiniya, mano ali gwa.

"Ndipo wowondawe, chimene wazulacho ndi tomato. Bwezeretsa."

Kamphepo anabwezeretsa, n'kupepesanso.

Dzuwa linakwera, linaima, linayamba kupendeka, mayiwo osaphethira. Anawapatsira madzi pamwamba pa mpanda, n'kuwauza kuti amwe ataimirira chifukwa wokhala pansi sadzukanso. Manja a Injiniya, amene sanagwirepo cholemera kuposa botolo, anatuluka matuza. Msanawanga poyamba ankangokanda nthaka uku akubuula, koma mkono unakumbukira zimene mwini wake anaiwalitsa dala. Khasu linayamba kulowa bwino, mizu yoyera ya kapinga ikutuluka yaitali, iye n'kumaikutumula dothi n'kuiponya pamulu.

"Uyo ndiye munthu," anatero mayiwo. "Mkazi wako ali ndi mwayi, mwananga."

Chochititsa manyazi n'chakuti Msanawanga anamva kukoma. Anafika pomukalipira Kamphepo kuti asaponde bedi la anyezi.

"Aise, wabwerera dimba kapena TV?" Injiniya anamufunsa chapansipansi.

"Ndingomaliza mzere uwu, bwana."

Pomwe foni inalira m'nyumba mwa mayiwo, dimba lonse linali mbee, loti mwini wake akanalidutsa osalizindikira. Mayiwo atangolowa, Kamphepo anachita zake. TV inatuluka, inagona mu wilibala, ndipo udzu wophimbira unalipo woti n'kubisa ngakhale firiji. Injiniya anayesa kuimba mluzu uja koma milomo inali itauma.

Pageti anakumana nawo mayiwo, botolo la palafini kudzanja ili, machesi kudzanja linalo.

"Mukupita nawo kuti?"

"Kukataya, amayi. Kutali kwambiri."

"Kutaya? Kuti njere zibwerenso ndi mphepo? Ana inu simudziwa chisoso. Mankhwala ake ndi moto basi."

"Tikaotchera konko," anatero Kamphepo.

"Ndakalamba ndikumva mawu amenewo. Wilibala ndi yachitsulo, siipsa. Imikani pomwepo."

Anathira palafini mosaumira, mbali zonse, ngati akuthirira mbewu. Mlonda uja anasendera pafupi ndi kapu yake ya tiyi kuti aonerere. Msanawanga anayang'ana Injiniya, Kamphepo anayang'ananso Injiniya, poti mwini mapulani ndiye amadziwa chochita. Machesi anakhwatchidwa. Apo munthu wanzeru akanangokhala chete, TV n'kupsa, iye n'kupita kwawo ali mfulu. Koma Injiniya anali ataivutikira tsiku lathunthu. Anadzigwetsa pa wilibala atatambasula manja ngati nkhuku yofungatira anapiye.

"Amayi, muotcha TV yathu!"

Mayiwo anazimitsa machesi aja modekha. "Yanu?"

"Thawani," anatero Injiniya.

Kunena n'kosavuta. Misana imene inawerama kuyambira m'mawa inakana kuwongoka. Kamphepo, amene ankadzitama kuti galu sanamupezepo, ankapita chowerama ngati akufunafuna singano. Injiniya anaterereka ndi palafini wa pamalaya ake omwe. Msanawanga anangoponya mwendo kamodzi, china chake n'kulira kuti thoo m'chiuno, n'kuima pomwepo atagwira geti. Mlonda anawasonkhanitsa onse akuyenda wamba, tiyi wake osatayika ngakhale dontho.

Mkazi wa Msanawanga anafika kupolisi mawa lake, tepi yoyezera zovala idakali m'khosi. Anamupeza mwamuna wake atatsamira zitsulo, atapindika.

"Mayi, msana," anadandaula. "Lero ndiye zoona."

Apolisi anaseka, anzake a m'chitolokosi anaseka, ngakhale Injiniya anaseka. Mkaziyo yekha ndiye sanaseke.

"Ndadzera komweko," anatero. "Aphunzitsi aja andionetsa dimbalo. Andilozera mizere yanu. Abambo, zaka zonsezi ndili nanu, simunandiuzepo kuti muli ndi dzanja lotere."

"Ndimachitira banja lathu, mayi. Ndimafuna ndilembe munthu."

"Munthuyo wapezeka kale." Anakonza tepi yake n'kunyamula chikwama. "Za kokadya musadandaule, kuno akudyetsani. Ndipo sindikuthamangitsani, ndingapenge kutaya mlimi ngati inu. Udzu wanu uja sindiukhudza ngakhale umodzi. Khalani bwinobwino, mukaupeza."