Filiji Yathu Inatuluka Ngati Maliro

Loweruka, 28 Ogasiti 2021

Ndikulemba nditakhala pa masitepe apanja chifukwa m'nyumba simukupumika. Amayi afukiza lubani mpaka maso athu afiira, koma fungo lija langovala lubaniyo ngati malaya. Aliyense akuloza ankolo Jafali. Ine ndikudziwa kuti theka la fungoli ndi langa.

Zinayamba mu Juni, tikukonzekera tchuthi cha ku Mangochi. Nyumba yomwe timachita lendi kuno ku Madinat Khalifa, m'dziko la Aluya, ndi ya a Hajji, ndipo lamulo lawo ndi limodzi: ukachoka nthawi yaitali, usiye nyumba m'manja mwa kampani yolondera yokhala ndi layisensi. Ankolo Jafali, mlonda wa kumolo, kumasitolo akuluakulu kuja (si achibale, kwathu n'kumodzi chabe), anali atangoyamba "kampani" yawo. Ankati poti lamulo lasintha ndipo munthu akutha kusintha ntchito osapempha bwana, iwonso tsopano ndi bwana.

Tsiku loti ankolo adzatenge makiyi, ababa ankathamangira ku ntchito kuhotela. "Iwe wa kusukulu, akabwera uwafunse layisensi. Uione ndi maso ako."

Ankolo anafika ndi shati yosita bwino, pachifuwa pali baji ya chiwombankhanga.

"Mashallah, wakula! Iwetu ndinakunyamula uli kakhanda ku Namwera. Unandikodzera pa thalauza latsopano."

Tsono munthu amene unamukodzera ungamufunse bwanji mapepala? Ndinayesa ndithu.

"Ankolo, kodi muli ndi... muli ndi..."

"Chiyani mwanawe?"

"Ludzu?"

Ndinawapatsa madzi ozizira pamodzi ndi makiyi. Madzulo ababa atafunsa kuti "Waiona?" ndinagwedeza mutu movomera. (Ndinadziuza kuti bodza la mutu n'laling'ono kuposa la pakamwa.)

Tili ku Mangochi, Lachisanu lililonse ankolo ankatumiza chithunzi: chitseko chathu, loko, ndi chala chawo chachikulu chitaloza kumwamba. Pansi pake ankalemba kuti, "Mafi mushkila, zonse zili bwino." Amayi ankaonetsa aliyense pamudzi. Palibe anafunsa chifukwa chake zithunzi zonse zinali za kunja kwa chitseko.

Pobwerera, malamulo a korona anatitsekera kaye m'hotela. Ndi mmenemo foni ya ababa inalira, ndipo anaiika mokweza. Anali a Hajji.

"Ndani wamwalira m'nyumba mwanga?"

Anthu a pamwamba pathu anamva fungo, anaganiza kuti wina wafa ndi korona yekhayekha, n'kuitana ambulansi. Anabwera amuna ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anathyola chitseko. Maliro anawapeza mufiliji: chambo cha amayi, ndi mwendo wa mbuzi. Akuti filijiyo anainyamula anthu anayi, oyandikana nafe ataima m'mbali mwa msewu, mayi wina akulira.

Ababa anaimbira ankolo pomwepo.

"Achimwene, ine ndinakuthandizanitu! Tsiku loyamba lomwelo ndinazimitsa magetsi onse pa switchi yaikulu. Mafiliji kulira, ma-AC oziziritsa mpweya kulira, m'nyumba mopanda munthu? Kwathu timatero?"

"Jafali, kuno si ku Namwera! Kuno dzuwa limaphika dzira pagalimoto! Nanga osalowamo n'kununkhiza?"

"Ine ndimalondera chitseko, achimwene. Chinabedwa chilipo?"

Amayi anangokhala pabedi. "Chambo changa," anatero motsitsa, ngati akutchula munthu.

Dzana a Hajji anabwera okha, mpango uli pamphuno. Anatifotokozera kuti a kampani yeniyeni amaphunzitsidwa: amalowa m'kati, amasiya AC ikulira pang'ono, amatsegula mipope, amayang'ana filiji. Akalakwitsa, inshuwalansi yawo imakonza, ndipo pali ofesi yokadandaulako. Kenako anafunsa funso langa lija, iwo mosavuta n'komwe.

"Layisensi ya munthu wanuyo ili kuti? Anaiona ndani?"

Ababa anatembenuka. Anangondiyang'ana. Ndinayamika masiki pondibisa theka la nkhope.

"Ine ndinaona chiwombankhanga," ndinatero.

A Hajji anakhosomola nthawi yaitali mumpango muja (ndikukhulupirira ankaseka). Pomaliza anati, "Khalas, basi. Mulembetse ku kampani yovomerezeka sabata ino. Apo ayi, mwezi ukatha mupeze kwina."

Ankolo anabwera dzulo ndi nkhuku ziwiri zoundana za kusitolo, kudzapepesa. Amayi anawafunsa kuti aziika mu chiyani.

Mawa ndikaweruka kukubwera bambo wa kampani ina. Ababa anena kuti wofunsa ndine, iwo azingomwa tiyi. Ndayeserera pagalasi: "Pepani bambo, tione nawo layisensi yanu." Mawu akumathera pa "tione", koma mawa ndimaliza. Ngakhale anene kuti anandinyamula ndili kakhanda, madzi amwa pambuyo.