Buku la a Mendel

Lolemba
A Mendel, agogo achiyuda amene ndimawasamalira kuno ku Salford, andibwereka buku la malemu akazi awo. Nkhani ya mtsikana wa ku Poland amene nkhondo inamulekanitsa ndi bwenzi lake. Iwo maso anatha, ndipo aiwala ngati awiriwo anakumananso. "Uwerenge, udzandiuze." Ndalonjeza kuti pofika Lamulungu. Koma bukulo kunenepa kwake, njerwa yeniyeni!

Lachiwiri
Ndikuwerenga m'basi. Chizungu chokoma koma chozungulira. Masamba onsewa mtsikana akungokumbukira fungo la jekete la mnyamatayo. Ndalira, ndapitirira siteji. Abwana akuti ndachedwa, za chikondi cha ku Poland alibe nazo ntchito.

Lachitatu
Zondisokoneza lero: kugwira shifiti ya mnzanga Chisomo amene akuti akudwala koma ali ku ukwati ku Liverpool, kwaya, foni yakumudzi yosatha. A Mendel afunsa kuti ndafika pati. Ndimati ndingosuzumira tsamba lomaliza, akuti ayi, kumeneko n'kuba. Chabwino, tikhala oona mtima.

Lachinayi
Sindili pantchito. Mwana wawo waimba: a Mendel atisiya m'mawa. Ndapepesa, ndadula foni osafunsa za tsiku la maliro. Ndifunsirenji? Kuno ife Amalawi thupi limagona m'firiji milungu, tikukanganabe zoti likwere ndege kapena ayi. Nthawi ilipo. Ndimaliza bukuli, ndikawanong'oneze pabokosi.

Lachisanu
Ndachapa chitenje chakumaliro, ndagula maluwa. Lero ndiye ndawerengadi. Mnyamata uja ali moyo, wakwera sitima!

Loweruka
Ndapita kukakhuza maliro, maluwa m'manja. Mwana wawo wandilandira mwaulemu. "Tinawaika dzulo masana. Ife sitigoneka maliro." Maluwanso akuti si mwambo wawo, pamanda amaika kamwala. Dzulo masana ine ndinali kuyanika chitenje. Mtima ukuwawa, koma ndikwiyire ndani? Wosafunsa anadya phula.

Lamulungu
Ndamaliza. Awiriwo akumana atakalamba. Mayiyo sakumuzindikira, koma wagwira jekete lake n'kulinunkhiza. Buku labwino kwambiri, n'chimene chikundinyansa. Tsamba limodzi lokha, ndikanaba Lachitatu lomwe lija! Maluwa ndawaika m'botolo la sobo. Pochokera kutchalitchi ndatola kamwala, kali m'thumba la jekete. Kumanda kwawo sindikudziwako, ndipo abwana andipatsa kale agogo ena oti ndiyambe kuwasamalira mawa. Anakumana, a Mendel.