Masau a Azakhali pa Mapanelo Anga

Inu amene mumati ndimathira mchere wambiri pankhani, senderani kuno mundimve mpaka ndimalize, kenako mutsutse muli ndi madzi anga m'mimba, pakuti amene mwamwa mumtsukomo ndinawakweza ndine. Ine Esinta Alufandika wa kwa Maseya, Fomu Folo ndinalemba ndi dzanja langali, ndipo bodza sindilidziwa ngakhale pakhomo pake.

Pamene ndinkayamba maphunziro oika sola, imvi zinali zitayamba kusuzumira pansi pa duku. Aphunzitsi athu a Zuze, munthu wa ku Marka, Mulungu awasunge, sanandiseke. Anandiphunzitsa kuwerengera mphamvu imene pampu imadya, kusankha waya woyenera, kulozetsa mapanelo kumpoto kumene dzuwa lathu limatsamira, komanso lamulo lawo limene ankalibwereza mpaka tinkalilota: "Zikakana, usatukwane waya. Yamba wakwera, ukaone chimene dzuwa likuona."

Mayeso anga omaliza anali oika pampu ya sola pachitsime cha m'mudzi mwathu. Pangano linali lakuti madzi akakwera m'thanki woyesa akuona, zida zitsala. Akakana, zonse zikwera galimoto kubwerera kusukulu, ndipo mayi anga, amene ng'ona inawalanda ndowa m'manja chaka chinacho, abwereranso kukatunga ku Shire. Mukumva? Sinali nkhani ya pepala lokha.

Nyengo ya masau inali ikutha, dzuwa la kuchigwa kuno litayamba ukali wake, moti nkhuku zinkaikira mazira owiritsa kale, abuluzi ankapempha malo m'mitsuko, mthunzi wanga womwe unandikana n'kukakhala pansi pa mlambe, koma ine ndinamanga nsanja yachitsulo, poti kwathu kuno madzi osefukira ndi mbuzi sizisiya kanthu pansi, nsanja yaitali moti akhwangwala ankapumira pakati asanafike pamwamba, n'kusenza mapanelo onse pankhata imodzi, sipanala kukamwa, mawaya m'khosi, n'kukwera osagwira makwerero, uku ndikuyankha moni wa odutsa. Nditayesa, pampu inalira bwino. Makwerero ndinawasiya pomwepo n'kupita kukasamba.

M'mawa mwake anafika a Zuze ndi woyesa, mayi wa magalasi wochokera ku Blantyre. Mudzi wonse unali utandanda ndi ndowa. Ndinayatsa. Pampu inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Ndinaika mita yoyezera magetsi, mphamvu yake yosakwana n'kuyatsa chiphaniphani. Ndinatsata waya uliwonse, ndinamanga zomangika kale, thukuta langa linakumba ngalande mpaka abakha anabwera kudzasambira, koma m'thanki munali mphepo yokha. Dalaivala anayamba kutsegula kumbuyo kwa galimoto. Mayi anga anatola ndowa yawo yobwereka mwakachetechete n'kuyang'ana njira ya kumtsinje. Zimenezo ndiye zinandilasa.

A Zuze sankaloledwa kundiuza kanthu. Anangovula chipewa n'kuyang'ana kumwamba ngati munthu wofuna mvula m'chilimwe.

Ndinakwera. Ndikulumbira, pamwamba ponse panali masau, oyalidwa bwino kuchokera pangodya mpaka pangodya, osatsala ndi malo oti ntchentche iterepo. Dzuwa silinkaona panelo, linkaona masau. Pansi panamveka mawu a azakhali anga a Malita, mlongo wawo wa malemu bambo, munthu wa msana wopindika amene sindikudziwa mpaka lero kuti anakwera bwanji.

"Mwanawe, usandimwazire masau angawo. Pansi mbuzi zandimaliza."

"Azakhali, ili si thandala."

"Si thandala? Lakuda, losalala, lotentha chonchi? Nanga walilozetseranji padzuwa?"

Kunena zoona, sanalakwe kuganiza. Ndinavula chitenje chapamwamba, ndinakokolola masau onse osagwetsa ndi limodzi lomwe, ndinapukuta galasi mpaka dzuwa linadziona nkhope n'kuchita manyazi, ndipo ndisanatsike n'komwe pampu inabangula, madzi anathamanga m'paipi, thanki inadzaza n'kusefukira, mpopi unayamba kulavula milamba yamoyo m'ndowa za anthu, Shire anatsika mpaka mvuu zinaoneka mawondo, ku Marka mafoni anadzitchaja okha m'matumba a amalonda, ndipo ng'ona ija, poona kuti palibenso wobwera kudooko, inayenda yokha mpaka pakhomo pathu kudzabweza ndowa ya mayi, itaitsuka ndi mchenga. Mukumva? Ndowayo ilipo, mano ake akuonekabe pachogwirira.

Masau aja anali atamwa magetsi m'mawa wonse. Azakhali atatafuna limodzi msana unaongoka, ndipo mpaka lero wailesi yawo ikatha mabatire amangoigwira ndi dzanja, imayankhula.

Woyesa anavula magalasi n'kupukuta misozi ya kuseka. Dalaivala anatseka galimoto yopanda kanthu. Mayi anga anatchera ndowa pampopi, anamwako pang'ono m'manja, n'kunena mawu amodzi okha othokoza a Chisena cha kwawo: "Takhuta."

Inenso ndikuti takhuta. Kwa a Zuze ndi chipewa chawo chija, kwa dzuwa limene tinkangolitukwana koma lero likutitungira madzi, ngakhalenso kwa azakhali, amene anandiphunzitsa zosapezeka m'buku. Kuyambira tsiku limenelo, kulikonse kumene ndaika mapanelo, kwa Lundu mpaka ku Nsanje, ndimamanga pambali thandala lalitali la bango, ndipo makwerero ndimapita nawo.

Mukufunsa kuti ndinapindulanji? Ndikuuzani osawonjezera: satifiketi imene ili pakhoma apo, chitenje chothimbirira ndi madzi a masau, lichero la masau amagetsi limene azakhali anandipatsa akung'ung'udza, ndi mayi anga akutunga madzi atafulatira Shire.