Mmene Ndinayeretsera Nyanja ndi Chipande

Inu, tamverani, musandione chonchi. Ine Kenani ndinayeretsapo nyanja ya Dar es Salaam ndi chipande chokha!

Ntchito yanga ndi yonyamulira zidebe a Dokotala Hashimu, amene amatapa matope pansi pa nyanja n'kumawerenga tizilombo ta mmenemo: tinyongolotsi, tinkhono, tinkhanu. Malo alionse ali ndi kabokosi kake kolembedwa dzina, poti tizilomboto ndi timene timaulula ngati madzi ali abwino kapena oipa. Kwathu ku Gongo la Mboto ndimangoti ndine wofufuza.

Tsiku lina magetsi anazima ku ofesi, pomwe matopewo amafunika kukhala pozizira. Ine ndi matama anga: "Dokta, kwathu kuli furiji, kubwa kabisa, yaikulu zedi!"

"Kenani, kakasokonekera kabokosi kamodzi kokha, ntchito yako yatha."

Timabokosi khumi ndi tiwiri ndinakwera nato daladala, minibasi ya kuno, anthu akundiyang'ana ngati ndaponda zinazake. Nditafika kunyumba ndinatilonga m'furiji. M'mawa ndikutsegula furiji, mwadzaza barafu, ayezi wamalonda wa mkazi wanga Gaudensia! Matope onse ali m'beseni limodzi, timabokosi totsukatsuka tikuuma padzuwa.

"Mayi, mwatani?"

"Bambo, nafasi hamna, malo munalibe. Si matope okhaokha? Ndangophatikiza."

Ndinaopa zedi. Komatu ine ndimagawa ndiwo pa maukwati a kumpingo, kukondera sindikudziwa. Ndinatenga chipande. Kabokosi ka kudoko, tinkhono tiwiri. Ka kuzilumba, tiwirinso. Ka pampope wotayira zonyansa za m'tauni ndinakamvera chisoni, ndinakawonjezera tinkhanu tokongolato.

Patapita milungu itatu a Dokotala anandiitana atatong'ola maso.

"Kenani, zaka makumi awiri pampope paja ndimapeza nyongolotsi zokhazokha. Lero pali nkhanu za m'madzi oyera! Ukuti bwanji?"

Ndinakumbukira ana anga. "Ndi Mulungu, Dokta."

Abale, akuluakulu amene malipoti athu ankangotsamiritsira zitseko anatulukira ndi makamera. Akuti nyanja yachira chifukwa cha khama lawo. Anakadula riboni pampope pomwepo, dzanja lina lumo, lina litagwira mphuno. Ine ndinali kumbuyo, kuwomba m'manja kuposa onse.

Ntchito ndinaipulumutsa, inde. Koma mwezi wamawa tikukatapanso matope, akuluakulu akufuna nyanja yoyera kuposa pamenepa, ndipo a Dokotala agula jenereta kuti timabokosi tisamachokenso mu ofesi.

Nanga nditani? Chipande ndachiika kale m'chikwama.