Tsiku Limene Ndinakhala Nkhoswe ya Kwotabaki

Mpaka lero ndikakwera sitima yopita ku Sheffield, manyazi amandigwira tikangolowa m'mapiri muja. Poti nkhaniyi yafala kale pakati pa Amalawi a kuno (ena akuithira mchere wawo), bola ndiinene ndekha.

Mlongo wanga ndi namwino ku Sheffield, ndipo ali ndi mnyamata dzina lake Takondwa. Anabadwira konkuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Anzake akuthamangitsa mpira wamiyendo, iye anasankha mpira wa ku Amerika, uja wooneka ngati papaya, wosewera atavala zipewa zolimba. Udindo wake amautcha kwotabaki, ndiye kuti amene amaponya mpira ndi kulamula anzake. Ndinakaonerako kamodzi. Ndinangoona anthu akunong'onezana, kenako kugundana, kugwa mulu, kudzuka, n'kuyambanso kunong'onezana. Anthu akawomba m'manja, nane ndinkawomba.

Tsiku lina mlongo wanga anaimba foni.

"Achimwene, Loweruka kukubwera kochi wa yunivesite yaikulu ya ku Amerika. Waona mavidiyo a Takondwa. Akamutenga, fizi, chakudya, pogona, zonse ndi zaulere. Bwerani, ndinu eni mbumba."

Musandiyese chitsiru, ndinamva bwino lomwe kuti si ukwati. Koma ndinaganiza motere: munthu akubwera kudzatenga mwana pakhomo, kupita naye kutali. Nanga zimenezo zili ndi njira ina? Ine ndakhalapo nkhoswe pa maukwati angapo ku Salford ndi ku Newcastle, ndipo anthu amanditama kuti pakamwa panga mpofewa. Ndinavala suti ya ku zinkhoswe, ulendo.

Kochi uja anafika masana, chimunthu chodzaza khomo, mawu ngati akulalikira pamsika. Anamukumbatira Takondwa ngati anakulira limodzi. Alamu anga, bambo a mwanayo, munthu wofatsa woyendetsa basi, anakakhala pakona n'kundisiyira bwalo.

Choyamba ndinamuthamangitsa Takondwa.

"Iwe, pita m'mwamba. Akuluakulu akufuna kulankhula."

Kochi anadabwa. Anati, m'Chingerezi chake chotafuna chija, wawoloka nyanja kudzacheza ndi mnyamatayo. Ndinamuyankha mwaulemu kuti kwathu amene akukambidwa sakhala pa zokambirana. Takondwa anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana pansi, mwana anakwera.

Kenako ndinafunsa mlendoyo ngati sindikudziwa kanthu. "Tikuthandizeni chiyani, bambo? Mwina mwasokera?"

Anatulutsa foni kuti aonenso keyala. (Apa ndikanazindikira kuti sitikuvina gule mmodzi.) Ndinamufunsanso kuti wabwera ndi ndani, chifukwa munthu sabwera yekha pa nkhani ngati iyi. Mwana akakadwala kumeneko, kapena akakalakwa, ife tikagogoda pakhomo la ndani? Anati ali ndi madokotala ndi aphunzitsi ambirimbiri. Ndinati sindikufunsa za antchito, ndikufunsa za malume ake. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti ali nawo amodzi, koma anasiya kuyankhulana kalekale. Ndinapukusa mutu mwachisoni.

Atapeza mpata anayamba kumuyamikira Takondwa. Dzanja lamphamvu, maso akuthwa, mutu wozizira, mtsogoleri wobadwa. Kwathu munthu akakuyamikirira mwana chonchi suvomera. Umatsitsa. Umanena zofooka zake zonse poyera, kuti mawa asadzabwere ndi madandaulo akuti munatibisira.

"Bambo," ndinatero, "musanyengedwe ndi mavidiyo. Mwanayu ndi waulesi. Kudzuka m'mawa mpaka mayi ake akuwe. Sachedwa kupsa mtima. Akagonja amadzitsekera m'chipinda osadya."

Mlongo wanga anatsokomola. Ndinayesa kuti nkhani yamukhudza mtima, ndiye ndinawonjezera moto.

"Thupinso si lolimba. Phewa lake linagulukapo."

Kochi anasiya kumwetulira. Anaika kapu ya tiyi pansi pang'onopang'ono.

"Phewa liti?" anafunsa.

Ine ndidziwa bwanji? Mwanayo anagwa ali wamng'ono akutsetsereka pachipale chofewa pachitunda cha kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ine ndinangomva pafoni. Ndinayankha kuti mwina onse awiri. Mlongo wanga anakuwa kuti linali lamanzere, ndiponso linapola kalekale, koma munthu uja anali atayamba kale kudinadina pafoni yake. Sindinadziwe kuti pa thupi lonse la Takondwa, chimene munthuyu anakwerera ndege ndi phewa.

Kenako anafunsa ngati pali mayunivesite ena amene aonetsa chidwi. Analipo awiri, mlongo wanga anali atandiuza. Koma ndani amauza wofunsira mbeta kuti pakhomo pano padutsa kale anthu ena? Kumeneko n'kumuchotsa ulemu mwana.

"Palibe," ndinatero modzitama. "Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'anapo. Inu ndinu oyamba."

Alamu anga, amene sanalankhule chilowereni mlendo, anabuula kuti, "Mayo ine."

Mutu wanga unaima. Ndinkachita zonse mwa dongosolo lake, koma nkhope zonse m'nyumbamo zinali zakugwa. Kochi anayesabe, anafunsa ngati banja lingamupatse mawu lero, chifukwa malo a kwotabaki ndi amodzi okha ndipo anyamata owalimbirana ndi ambiri. Ndinaseka. Ndinati mawu satuluka tsiku loyamba, apite kaye, ife tikhale pansi, tiuze abale a kwathu ku Ntcheu, adzabwerenso. Anadzuka, anatigwira chanza tonse, n'kupita. Mandasi amene mlongo wanga anakazinga m'mawa sanalaweko.

Chitseko chisanatsekeke bwino, mlongo wanga anandilumphira.

"Achimwene, mwatani? Kuno mwana amagulitsidwa ngati galimoto! Umati injini ndi yatsopano, ogula ali pamzere! Inu mwamuuza kuti ndi yogwa ngozi, palibe akuifuna!"

Ndisanayankhe, ndinaona Takondwa atakhala pamasitepe. Anali atamva zonse. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa motsitsa mawu, maso ali ofiira.

"Uncle, is that what you think of me?"

Ankafunsa ngati ndimamuonadi chomwecho, waulesi, wosafunidwa ndi munthu. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu chinthu chimene umachikonda kwambiri ndi chimene umachinyoza pamaso pa alendo. Anandifunsa kuti nanga mwanayo amadziwa bwanji kuti amakondedwa. Ine ndemwe bambo anga anamwalira asanandiyamikirepo, ndipo funso limeneli ndinali ndisanadzifunsepo.

Yunivesite ija inapempha kuti phewa likajambulidwe kuchipatala. Linapezeka kuti lili bwinobwino, koma pamene zotsatira zinkafika, malo anali atapatsa mnyamata wina wa komweko. Takondwa anasiya kuyankha mafoni anga. Ine tulo tinkandivuta, ndipo kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo.

Patapita miyezi, koleji ina yaing'ono ya ku Amerika komweko, ya kudera lozizira kuposa kuno, inafuna kucheza ndi banja pa vidiyo. Mlongo wanga anandiitana ndithu (mwini mbumba sachotsedwa paudindo), koma anandikhazika kukhitchini ndi lamulo limodzi loti ndisatsegule pakamwa. Ndili komweko ndinkamumva akutama mwana wake mopanda manyazi, mwanayo ali pomwepo. Khutu linkandiyabwa.

Mwadzidzidzi chitseko chinatseguka. Takondwa analowa atanyamula laputopu, n'kuiika patsogolo panga. Anati kochi watsopanoyo wafunsa ngati m'banjamo muli wina amene amamudziwa bwino.

"Go on, Uncle," anatero, akundiyang'ana m'maso.

Kumbuyo kwake mayi ake anali atagwira kumutu. Ine ndinkadziwa chofunika kunena. Wolimbikira, waulemu, amaperekeza mayi ake kokwerera basi kukazizira, timamunyadira tonse. Koma Chingerezi chinathawa. Chimene chinatuluka, m'Chichewa, ndi ichi:

"Mwanayu... eee... ndi wabwinoko."

Kochi anafunsa kuti bamboyo akuti chiyani. Takondwa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako pakamwa pake panayamba kugwedera ndi kuseka. Anatembenukira ku laputopu n'kumasulira kuti amalume ake akuti chibadwire sanaonepo mwana ngati iyeyo.

Anamutenga. Si yunivesite yaikulu ija, ndipo imeneyo ndinamutayitsa ndine, palibe chozembera. Kuyamikira mwana pamaso sindinaphunzirebe, lilime limakana. Koma mawu amene Takondwa anauza mzungu uja, ngakhale sanatuluke pakamwa panga, sanandinamizire.