Seveni amene anatsalira pakatoni

Anzanga, keke ndimaphika bwino, pamenepo musakayike, koma masamu ndinasiyana nawo mwamtendere kalekale. Ndiye apongozi anga aamuna, amene aphunzitsa masamu moyo wawo wonse, atapuma pantchito, pokonzekera phwando lawo amuna anga akuti, "Amake Tiza, pakeke ya atate tilembepo nambala yawo ija." Ine ndinavomera msanga, chifukwa chikwatiwireni pabanjapo mkuluyu anali asanandiyankhulepo zoposa moni, ndipo zinkandiwawa.

Nambalayo ndi 2147483647. Akuti ndi pulayimu, ndiye kuti sigawika ndi nambala ina iliyonse koma 1 ndi iyo yomwe, ndipo umaipeza ukandanda ma 2 okwana 31, n'kuwachulukitsa onse, n'kuchotsapo 1. Apongozi amaikonda ngati mwana wawo wachisamba.

Ndinayamba kulemba monyadira, manambala akuluakulu, kufika pa 4 womaliza malo atha. Nanga seveni ndimuika kuti? Ndinamutsitsira m'mbali mwa keke, ndati adzamuona pozungulira. Kenako ndakwera njinga ya hayala kupita ku Kapata, katoni pamiyendo, msewu mabampu okhaokha. Kukatsegula kukhitchini kwa apongozi, seveni yense wamatirira kukatoni. Nambala yothera 4, ngakhale ine mbuli ndikudziwa kuti igawika ndi 2. Ndinapala shuga wa pakatonipo ndi kamtengo ka machesi n'kumubwezera seveni wanga.

Ndagwada, ndapereka. Apongozi avala magalasi, ayang'ana, ayang'ananso.

"Amake Tiza, womalizayu ndi wani?"

Seveni uja analidi atawongoka ngati msomali. Ndinangoti, "Ee, atate," poti kukana kunandikanika.

"2147483641," anawerenga pang'onopang'ono. "Imeneyi sindikuidziwa. Kodi nayonso ndi pulayimu?"

Mukanakhala inu mukanati chiyani? Ine pakamwa panga panangotuluka kuti, "Yesani muone, atate."

Basi mkulu uja anaitanitsa cholembera, akuti makina owerengera ndi a aulesi, n'kulamula kuti keke isadulidwe mpaka yankho lipezeke. Ayesa 3, yakana, ayesa 7, yakana, 11, 13, thukuta kamukamu. Akwaya amene anadzaimba paphwandopo nyimbo zinawathera, abale ochokera ku Chipangali ananyamuka dzuwa litapendeka osalawa ngakhale kanyenyeswa, onse akundiyang'ana cham'mbali, ine manyazi atandigwira kotheratu. Keke tinadya mawa lake, apongozi aakazi atawaumiriza amuna awo kuti akopere nambalayo papepala.

Patapita milungu ingapo foni yalira, ndi iwowo. "Mwana wanga, yagawika! Ndi 2699. Funso lokoma chonchi palibe anandipatsapo."

Ndinachita kukhala pansi ndi chimwemwe, poti mwana wawo amene ankanenayo ndine. Vuto ndi lakuti tsopano Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa amandikhazika pakhonde n'kundipatsa yanga yoti ndigawe, akuti mutu ndili nawo, ungofunika kuuzoloweza. Keke yotsatira ndidzaikapo maluwa basi, ndipo asadzandifunse kuti ndi angati.